Pa nkhani zakuchipinda a Zambia atiposa, ife tikulangizabe ngati anthu onse anabadwa mofanana

Abale anga tiuzane zoona, pa malangizo a m'banja anzathu a ku Zambia atisiya kutali. Msuweni wanga wakwatiwa posachedwapa ku Chipata ndiye atandifotokozera mmene alangizi akumeneko anachitira naye ine mtima unandiwawa poganizira zomwe timauzidwa kuno ku Malawi. Mayi wolangizayo asanafike pa zamikanda ndi zam'chiuno anayamba wamufunsa kaye kuti kodi iwe ukakwiya umayankhula kapena umangoti duu, ndiwe wamanyazi, ukakhala ndi nkhawa tulo umatipeza? Mwamunayonso azibambo anamukhazika pansi kumufunsa zomwezo, kenako anawauza onse awiri kuti thupi limatsatira mtima, wina akakhumudwa masana musayembekezere zodabwitsa usiku.

Kuno chilangizo n'chimodzi kwa aliyense. Mwamuna osamukana, mwamuna ndi mwana, banja ndi kupirira, basi yatha. Bridal shower tsiku lonse ndi perekaniperekani, zenizenizo amangodutsapo mothamanga aliyense atatopa kale. Mwamuna ndiye amangouzidwa kuti akaonetse chamuna, zikavuta akatafune gondolosi.

Pomwetu akatswiri ananena kalekale kuti chilakolako chimayambira m'mutu. John Bancroft ndi Erick Janssen a ku bungwe lofufuza za kugonana la Kinsey Institute ku America anafotokoza kuti munthu aliyense ali ndi mbali ziwiri, ina yodzutsa chilakolako ina yochiletsa, ngati mafuta ndi buleki pagalimoto, ndipo mphamvu zake zimasiyana munthu ndi munthu. Pali ena buleki wawo amagwira ndi kanthu kakang'ono, kuopa kuti ana akumva kuseri kwa khoma, ngongole, kuopa mimba ina, mawu onyoza omwe anauzidwa m'mawa, ndipo munthu wotere olo umupatse gondolosi wochuluka bwanji palibe chisinthe chifukwa vuto silili pamenepo. Munthu wankhawa amakhala akudziyang'anira yekha nthawi yomweyo kuti kaya ndikuchita bwino kaya andiseka, mapeto ake thupi limakana, zomwe akatswiri ena a ku America, Masters ndi Johnson, analemba kale mu 1970. Nanga amene anakula mosatsimikiza kuti amakondedwa? Wina amafuna kugonana pafupipafupi pongofuna chitsimikizo choti sasiyidwa, wina amathawa kuyandikana kulikonse, awiri oterewa akakwatirana ndewu yake imaoneka ngati ya kuchipinda pomwe gwero lake ndi mantha.

Chomwe chimandipweteka kwambiri ndi ichi. Mu 2000 dokotala Rosemary Basson wa ku Canada anafotokoza kuti kwa akazi ambiri omwe akhalitsa pabanja chilakolako sichiyamba chokha, chimabwera pambuyo, mkazi akamva kuti ali pamtendere, akucheza bwino ndi mwamuna wake, akumugwira mwachikondi. Si matenda ayi. Koma ife mkazi wotere timamutcha wozizira kapena timati wapeza chibwenzi, mawa lake ankhoswe ayitanidwa, iye n'kulangizidwanso zomwezija zoti osamukana. Akavomera mokakamizika amakhutira ndani pamenepo?

Sindikuti ku Zambia kulibe zonyansa, eni akewo amati banja ndi shipikisha club, kupirira komwe kuja, ndipo ma kitchen party awo ena amangophunzitsa mkazi kugwada ndi kugubuduka pansi. Komanso anankungwi athu ena ndi anzeru zedi, ndipo ankhoswe akakhala achilungamo amapulumutsa mabanja ambiri, izi sindingakane. Ku Joni kuli madokotala a nkhani zimenezi koma ndalama zake n'zoti wamba sangafikeko. Kungoti a Zambia amapatula nthawi, maphunziro amatenga masabata ukwati usanachitike, ndipo mwamuna naye amaphunzitsidwa, pomwe ife timadikira usiku umodzi.

Ndiye inu alangizi athu a kumpingo ndi akumudzi, chonde muziwafunsa anawa kuti ndi anthu otani musanawauze zochita. Muziwauzanso kuti matenda a shuga, mankhwala ena a BP ndi ena a matenda okhumudwa amachepetsa chilakolako, kuti bambo zikamuvuta apite kuchipatala m'malo moganizira mkazi wake kuti wamudyetsa mankhwala.