Mphunzitsi ayambe waphunzira asanaphunzitse za Holocaust ndi za ku Rwanda

Pa 15 Novembala 1938 boma la Hitler lidalamula kuti ana achiyuda asapondenso m'masukulu a boma ku Germany, ndipo ofufuta mayina awo m'kaundula anali aphunzitsi. Ku Rwanda, kale chisanafike chaka cha 1994, aphunzitsi ena ankauza ana kuti Ahutu aimirire, kenako Atutsi, n'kuwawerenga anzawo akuona. Kupulula mtundu wa anthu, monga mmene chipani cha Nazi cha Hitler chidaphera Ayuda (Holocaust) ndi mmene adaphedwera Atutsi ku Rwanda mu 1994, kumadzera m'kalasi nakonso, ndiye ine sindivomera kuti mphunzitsi azipatsidwa mutu umenewu popanda kumukonzekeretsa.

Ambirife pa History timalemba manotsi pabolodi: Ayuda 6 miliyoni, msasa wopherako anthu wa Auschwitz, 1945. Ku Rwanda anthu pafupifupi 800,000 m'masiku 100. Ana akopera, aloweza, akhoza mayeso. Koma tawafunsani kuti Ayudawo anali ndani. Ambiri amangowadziwira m'Baibulo, ndipo m'kalasi simulephera kupezeka wina wokweza dzanja n'kunena kuti "paja ndi amene adapha Yesu". Mphunzitsi wosakonzeka amangoti tipitirize. Chonsecho mawu amenewa ndi omwe adakoleza chidani pa Ayuda ku Ulaya kwa zaka mazanamazana, mpaka Mpingo wa Katolika udachita kuwakana poyera mu 1965. Wophunzitsidwa bwino amaima pomwepo, n'kuwauza ana kuti nkhondo yachiwiri ya padziko lonse isanayambe, mwa anthu atatu alionse mumzinda wa Warsaw ku Poland mmodzi anali Myuda. Anali ndi nyuzipepala zawo m'chilankhulo cha Yiddish, masukulu, mashopu, matimu a mpira. Mwana akadziwa moyo umenewu, m'pamene 6 miliyoni ija imamulowa mumtima.

Anzathu a ku South Africa adaika Holocaust pa silabasi ya Grade 9, ndipo kuli malo atatu ophunzitsirako aphunzitsi, ku Cape Town, Durban ndi Johannesburg. A ku Johannesburg adawayambitsa ndi mayi Tali Nates, omwe bambo awo adapulumuka chifukwa cholembedwa pa mndandanda wa Oskar Schindler, Mjeremani yemwe adapulumutsa Ayuda powalemba ntchito m'fakitale yake. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti nkhani ya Ayuda adaiika pamodzi ndi ya Atutsi. Mwezi wa Epulo 1994 uja, anthu akuima pamizere kuvotera Mandela, ku Rwanda zikwanje zinali zili mkati.

Wina anena kuti izi n'zakutali. Ayi ndithu. Ku Dzaleka, m'boma la Dowa, kuli mabanja ochokera ku Rwanda, Burundi ndi Congo, ndipo malowa adali ndende ya andale asanasanduke kampu mu 1994. Mboni za Yehova, zomwe chipani cha Nazi chinkaziveka kansalu kapepo m'misasa yachibalo, kuno zidaletsedwa mu 1967, ndipo mu 1972 zikwizikwi zidathawira ku Zambia ndi Mozambique nyumba zawo zitatenthedwa. Zimenezi sizikulingana ndi Holocaust, ndipo luso lofanizira nkhani zotere popanda kuzisakaniza ndi limodzi mwa zomwe mphunzitsi ayenera kuchita kuphunzira. M'kalasi momwemo mungakhale mdzukulu wa wotenthedwa nyumba ndi mdzukulu wa woyatsa motowo. Uyamba bwanji phunziro lotero? Zithunzi za mitembo uwaonetsa kapena ayi? Mwana akayamba kulira utani naye?

Mafunso awa sangathe pa msonkhano wa tsiku limodzi womwe anthu amathamangira alawansi. Ndikufuna mutuwu ulowe m'makoleji a aphunzitsi, ku Domasi ndi m'ma TTC monse, ukhale ndi nthawi yakeyake. Ophunzira uphunzitsi amve maumboni a opulumuka, awerenge pangano la United Nations la pa 9 Disembala 1948 loletsa kupulula mitundu ndi chikalata cha ufulu wachibadwidwe chomwe chidavomerezedwa mawa lake, kenako ayeserere kuphunzitsa mutuwu pamaso pa anzawo asanatumizidwe kusukulu.