Inu amene mumati Endgame ndi yabodza, m'mbuyomo munabwererako liti?

Ndikulemba mtima usanatsike, ndiye amene akhumudwe akhumudwe basi.

Dzulo kometetsa anatiikira Avengers: Endgame, ija ya 2019. Tonse tili duu kuonera, mkulu wina ali pampando, nsalu ili m'khosi, mutu atameta mbali imodzi, basi wayamba: "Filimu iyi ndi yabodza. Kubwerera m'mbuyo mwa nthawi sikuyenda choncho." Sikuyenda choncho? Nanga kumayenda bwanji akulu? Munapitako liti inu? Munakwerera pa siteji iti, ndipo kondakitala anakulipiritsani zingati? Tiuzeni, nafenso tili ndi zathu za 2012 zoti tikakonze.

Chimene chimandinyansa ndi ichi. Munthu wakhala pansi maola atatu. Waona kuti chimphona chofiirira, Thanos, chinaliza zala, theka la zamoyo zonse n'kusanduka fumbi, sanadandaule. Waona kanyama kaubweya kakulankhula Chingerezi mfuti ili paphewa, wavomera. Mtengo ukuyenda n'kumamenya nkhondo, wavomera. Mwamuna wa zaka 1,500 akuitana nyundo n'kumabwera yokha m'manja, waomba m'manja. Wina akuchepa mpaka kulingana ndi nyerere, akuseka. Koma ingotchulidwa nkhani ya nthawi, pompo wasanduka pulofesa. Zonse zija mwameza osatafuna, kafupa kamodzi aka ndiye kakuimani pakhosi? Ayi ndithu.

Palibe munthu padziko lino amene anabwererapo m'mbuyo mwa nthawi. Palibe. Ndiye malamulo amene mukuti filimu yaphwanya analemba ndani? Stephen Hawking, amene mutu wake unali wa zimenezi, mu 2009 anakonza phwando ku Cambridge loitana anthu ochokera kutsogolo, makalata oitanira n'kutulutsa phwandolo litatha kale. Anadikira, sikunabwere ngakhale mmodzi. Ameneyo ndiye anali ndi ufulu wolankhulapo, ndipo iyeyo anangochita nayo nthabwala. Inu amene physics munaithawa folomu 2 ndiye mukufuna mutiuze mmene zimayendera?

Mkulu uja sanalekere pomwepo. Akuti bwanji sanangobwerera n'kukapha Thanos ali khanda, nkhani n'kutha. Apa ndiye magazi anandiwira, chifukwa funso lomwelo lili m'filimu momwemo! Rhodey, mmodzi wa ma Avengers, amafunsa zomwezo, poyera. Hulk n'kumuyankha kuti zakale sizisinthika: ukabwerera m'mbuyo, kumene wapitako ndiye kwasanduka tsogolo lako, ndipo zimene wasiya kuno zinachitika kale, sizifufutika. Mpaka amaseka mafilimu akale ngati Back to the Future, kuti anthu asabwere ndi malamulo a kumeneko. Kenako padenga paja ku New York, mu 2012, mkulu wa zamatsenga Ancient One akuchita kumujambulira Banner (Hulk yemweyo) m'malere, kuti ukachotsa mwala umodzi nthawi imaphuka nthambi ina, n'chifukwa chake miyala yamphamvu isanu ndi umodzi imene anakatenga m'mbuyo kuti abwezeretse anthu osanduka fumbi aja iyenera kubwezedwa pamene inatengedwa. Anakufotokozerani kawiri, pang'onopang'ono ngati mwana wa sitandade 1. Inu munali kuti? Pa foni. Madzi akatayika sawoleka, makolo ananena kalekale, lero anene Hulk ndiye mukuti bodza?

Ndipo ambiri a inu amene mumakuwa kwambiri filimuyi simunaionere yonse, ndikudziwa. Munaona tizidutswa pa TikTok, kapena munamvera mnyamata wina pa YouTube akuwerenga "zolakwika" mphindi khumi, basi mwatenga maganizo ake mwavala ngati anu. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Kaya n'kufuna kuoneka ophunzira, kaya ndi bandulo yoperewera, izo n'zanu, ine sizikundikhudza.

Tonsefe tinakulira nthano. Agogo akati "padangokhala", ife timati "tili tonse", nkhani n'kumapita. Panalibe mwana amene ankaimitsa agogo kuti afotokoze kaye kuti Kalulu Chichewa anachiphunzira sukulu iti. Ukavomera kuti tili tonse, wavomera zonse. Ngati sukufuna, dzuka ukagone, usatisokonezere ena.

Ndikudziwa mubwera m'makomenti ndi nkhani ya Captain America, ndikukuonani kale mukunola zala. Kuti ngati anakatsala m'mbuyo ndi wachikondi wake Peggy Carter, anapezeka bwanji pa benchi paja ali nkhalamba, akupereka chishango kwa Sam Wilson? Chabwino, tamverani. Abale awiri amene anatsogolera filimuyi, Anthony ndi Joe Russo, anati iye anakakhala ku nthambi ina ya nthawi kenako n'kubwerera. Amene analemba nkhaniyo, Christopher Markus ndi Stephen McFeely, anati ayi, anali momwemuno nthawi yonseyi, akungokhala phee. Eni ake filimu sanagwirizane, ndipo palibe amene anagona ndi njala chifukwa cha zimenezo. Ndiye inu mukuvutikiranji? Mwamuna anamenya nkhondo moyo wake wonse, analonjeza mkazi gule mu 1945, wakavina gule wakeyo. Mfundo yake ndi imeneyo. Amene ali ndi mtima anaimva. Inu muli kalikiliki ndi kakyuleta.

Ena akuti khoswe. Kuti dziko lonse lingapulumuke bwanji chifukwa khoswe anaponda batani m'galimoto yosiyidwa ku San Francisco, Scott Lang, amene anabweretsa nzeru yobwerera m'mbuyo, n'kutuluka mmene anatsekeredwa patapita zaka zisanu. Eya, khoswe. Ndiye? Doctor Strange anaona njira 14,000,605, yopambana inali imodzi yokha. Mumayembekezera kuti imodziyo ikhala yooneka bwino, yovala tayi? Simunayambe mwapulumukapo inu pa chinthu chopusa?

Olemba anafuna kubwerera m'mbuyo osati kuti atiphunzitse sayansi. Inali filimu ya nambala 22 kuchokera pa Iron Man wa 2008, ndiye anafuna titsanzikane ndi anthu amene takhala nawo zaka 11. Tony Stark, Iron Man mwini wake, akumana ndi bambo ake mu 1970, n'kulankhula zimene sanalankhule ali moyo. Thor, mimba ili uko, mowa utamumaliza, akumana ndi mayi ake ku Asgard pa tsiku lomwe mayiwo amwalire. Aliyense amene anaikapo kholo m'manda akudziwa kuti angapereke chilichonse kuti apeze mphindi zisanu zoterozo. Pamenepo anthu m'chipinda ali chete, wina akupukuta m'maso mobisa, ndiye iwe uli pa mafuta a ulendowo, "koma Pym particles akanakwana bwanji?" Aise, khala chete. Ungokhala chete basi.

Filimu inapanga ndalama pafupifupi madola 2.8 biliyoni, mpaka inadutsa Avatar kwa kanthawi. Sindikuti ndalama ndiye umboni wa ubwino, zinthu zambiri zachabechabe zimagulidwa. Koma anthu onsewo, ena kubwereza kawiri katatu, onse ndi opusa, wanzeru ndi inu nokha a mutu wometa theka?

Mukafuna kudandaula, dandaulani zenizeni, ndikuthandizani ine. Natasha, Black Widow uja. Mkazi uja anagwira gulu lonse zaka zisanu amuna atabalalika, wina kumowa, wina kukabisala kunyanja ndi banja lake, wina kukapha anthu ku Tokyo. Anadziponya kuphompho ku Vormir kuti umodzi wa miyala ija upezeke. Popanda iye palibe amene akanabwerera, ngakhale mmodzi. Ndiye malipiro ake? Amuna asanu kuima m'mbali mwa nyanja, Hulk kuponya benchi, basi nkhani yatha, tiyeni kuntchito. Tony atamwalira kunabwera mtundu wonse, a ku Wakanda, a m'mlengalenga, ngakhale mnyamata wa mu Iron Man 3 amene theka la anthu silinamuzindikire, onse atavala zakuda, nkhata ya maluwa ikuyandama pamadzi. Natasha ngakhale nyimbo imodzi, ngakhale kandulo. Manda ake tinachita kuwaona mu 2021, kumapeto kwenikweni kwa filimu ina, mayina atadutsa kale, anthu ambiri atatuluka. Zimenezo ndiye zoti munthu ukwiye nazo, koma ayi, pamenepo muli ziii, pakamwa mwasungira khoswe.

Ndipo wometa nayenso, munthu akusokoneza filimu chonchija iwe uli ndi makina m'manja, osangomuthamangitsira kumaliza bwanji?