Wojambula pulani ayambe wafunsa wogwira sipanala

Anzanga, nkhani ya magetsi a nyukiliya ikangobuka, ambiri amathamangira kukamba za ngozi ya ku Chernobyl. Ine chimene chimandisowetsa mtendere n'china: kodi makaniko angathe kufika pamene pakudontha, n'kupaona ndi maso ake?

Taganizani za siteshoni ya nyukiliya ya Davis-Besse ku Ohio, m'dziko la America. Mu 2002 anapeza kuti madzi okhala ndi asidi wa boron, omwe ankadontha pang'onopang'ono kwa zaka, adya chivundikiro cha riyakitala (chimphika chachikulu chimene mphamvu ya nyukiliya imatenthetseramo madzi), chitsulo chochindikala masentimita pafupifupi 15. Chimene chinatsala n'kachitsulo kam'kati kosachita dzimbiri, ka sentimita imodzi yokha, kakulimbana ndi mphamvu yonse ya madzi otentha aja. Sikuti anthu sankayendera ayi. Ankasuzumira kudzera m'timipata ting'onoting'ono ta m'munsi mwa chotchinga cha pamwamba pa chivundikirocho, pakati penipeni osapaona bwino. Maganizo oboola mipata ikuluikulu analipo, koma ankangoti tidzachita m'tsogolo. Siteshoniyo inakhala yotseka zaka ziwiri.

Ku siteshoni ya Three Mile Island, ku America komweko, mu 1979, valavu inakanirira yotseguka. Nyali ya m'chipinda choyendetsera makina inkangosonyeza kuti lamulo lotseka laperekedwa, osati kuti valavuyo yatsekekadi. Ogwira ntchito anakhulupirira nyaliyo. Mungawanene bwanji?

Musaiwale kuti wokonza zinthu pafupi ndi riyakitala amawerengeredwa cheza cha nyukiliya chimene thupi lake lalandira. Bawuti ikakhala pamalo poti munthu achite kugona chagada, dzanja lokha n'kumafufuza kuseri kwa paipi, mphindi iliyonse yowonjezera ndi thanzi lake limene likulipira. Zimenezi zimandiwawa kwambiri, chifukwa wojambula akanangosuntha paipiyo pang'ono pa pepala, nkhani ikanathera pomwepo.

N'chifukwa chake ndimayamikira mapangidwe ena atsopano. Riyakitala ya mtundu wa EPR, monga ya Olkiluoto 3 ku Finland, ili ndi magulu anayi a zipangizo zotetezera ngozi, gulu lililonse pamalo pake, moti limodzi likhoza kukonzedwa magetsi akupangidwabe. Ya mtundu wa AP1000, ya kampani ya Westinghouse, inachepetsa mavalavu ndi mapampu, ndipo madzi oziziritsira anawaika m'thanki pamwamba kuti azitsika okha magetsi akazima. Pampu imene kulibe singawonongeke.

Zodula, inde, ndipo zimachedwa kumanga. Koma siteshoni yoti igwire ntchito zaka 60 idzaona amakaniko amene panopa sanabadwe n'komwe. Pulani isanasainidwe, ndikufuna makaniko wakalekale akhale patebulopo, aloze chala n'kunena kuti: apa mkono wanga sungalowe, jambulaninso.