100 ohms si lamulo la MC iliyonse

Zandinyansa kwabasi. Mnzanga wangogula cartridge (kachipangizo kokhala ndi singano pa choimbira mbale za nyimbo) ya mtundu wa MC, kutanthauza moving coil, ndiye wina wodzitcha katswiri wamuuza kuti, "Ikani pa 100 ohms basi, ma MC onse ndi choncho." Sanafunse n'komwe kuti cartridge yake ndi iti. Onse? Onse ati?

Abale, ma cartridge safanana. Ina koilo yake ndi ya 5 ohms, ina 10, pomwe Denon DL-103 ndi ya 40 ohms. Mungazipatse bwanji load (nambala ya ma ohms imene cartridge imalumikizidwako) imodzi zonsezi? Ya 5 ohms ija mukaiika pa 100 palibe vuto. Koma ya 40 ohms mukaiika pa 100, mphamvu yofika ku phono stage, chipangizo chokweza mphamvu yochokera ku cartridge, imangotsala 71 peresenti, pafupifupi 3 dB yapita. Yapita pa kachinthu kotulutsa 0.3 mV yokha! Mukatero mukweza voliyumu, kaphokoso ka "sssss" kayamba kumveka pakati pa nyimbo, inu n'kuyamba kunyoza cartridge yosalakwa.

Safunsa anadya phula. Tsegulani kapepala kali m'bokosimo, muone koilo yanu ndi ya ma ohms angati. Opanga ambiri amalemba nambala yoyambira n'kuwonjezera kuti kapena kupitirira apo, koma mawu amenewo anthu amangowalumpha. Kaya ndi ulesi, kaya n'kungobwereza zomwe anamva, kaya. Chulukitsani nambala ya koiloyo ka 10, muyambire pamenepo. Ya 40 ija muiyambitse pa 400, muike mbale yomwe mumaidziwa bwino, mumvetsere, mukweze kapena mutsitse pang'ono. Nambala ichokere ku cartridge yanuyo, osati m'kamwa mwa munthu amene sanaione.

Enanso amene muli ndi step-up transformer, yokweza mphamvu ya MC isanafike ku phono stage, musamalankhule ngati load simukuidziwa komwe ikuchokera. Transformer ya 1:10 yolowa pa 47k (47,000 ohms) ya polowera ma cartridge a MM (moving magnet) imapatsa cartridge 470 ohms. Mukasinthira ya 1:20, yatsika kufika cha pa 117. Mwasintha load yonse osagwira switch ngakhale imodzi. Ndiye wina azindiuza kuti nambala ndi imodzi?

Ndipo chimanditopetsanso n'chakuti anthu omwewa amathera usiku akutembenuza phono stage chadodolido, kusokosa timaswitch ta pansi paja ndi nsonga ya bolopeni, pomwe singano yavala fumbi ngati thonje ndipo tracking force (kulemera kumene singano imatsamira nako pa mbale) sanaiyezepo chiikire cartridge. Pukutani kaye singanoyo!