Kokapumira awiri pokumbukira ukwati: gombe lathu kapena la anansi?

Kuno kwathu ukwati ukakwanitsa zaka 10 kapena 25, timakadalitsidwa kutchalitchi, kenako kuholo, ankhoswe kutsogolo, perekaniperekani mpaka dzuwa kulowa. Ku Zambia, makamaka pakati pa Abemba, kuli matebeto: akuchikazi amaphika zakudya zamitundumitundu n'kukapereka kwa mkamwini pomuthokoza kuti wasunga bwino mwana wawo. Miyambo iwiriyi ndi yokoma ndipo isathe. Koma phwando likamatha, eni ukwatiwo amakhala atacheza ndi aliyense, iwo okha osapezana. N'chifukwa chake mabanja ena ayamba kusiya ana kwa agogo n'kutsikira kunyanja ali awiri. Popeza anansi athu onse atatu ali ndi magombe, m'pofunika kuyerekeza musanatulutse ndalama.

Pa nkhani ya bata, tivomereze kuti Mozambique inatiposa. Mapiri amene mumawaona tsidya lina mukaima pagombe la Nkhotakota kukacha bwino, m'munsi mwake muli Metangula, ndipo kumpoto kwake, moyang'anana ndi Likoma, kuli Cobué. Eni ake nyanja ya Malawi amaitcha Lago Niassa, ndipo mu 2011 boma lawo linaika mbali yawo ya nyanjayi m'gulu la malo otetezedwa. Anthu akugombeko amalankhula Chinyanja, choncho moni ndi kutsitsa mtengo wa nsomba sizivuta. Gombe lawo linayang'ana kumadzulo, motero dzuwa limalowera m'madzi, zomwe ife a ku Salima ndi Nkhotakota sitiziona. Koma bata limenelo linadza ndi umphawi. Niassa ndi chigawo cha anthu ochepa, chomwe nkhondo yapachiweniweni imene inatha mu 1992 inachisiya m'mbuyo. Misewu ndi yovuta, malo ogona abwino ndi owerengeka ndipo amalipiritsa madola. Kukafika ku Cobué ndiye kuti mukwere Ilala mpaka ku Likoma, kenako boti laling'ono, pasipoti ili m'manja. Mayi akunyumba atati adwale usiku, thandizo lili kutali, moti anthu akumeneko ambiri amawolokera kuchipatala cha St Peter's ku Likoma.

Ku Tanzania malo ake ndi Matema, kumutu kwenikweni kwa nyanja, m'boma la Kyela. Mumadutsa Karonga, kuwoloka pa Songwe, n'kulowa m'minda ya nthochi ndi mpunga mpaka mchenga. Mapiri a Livingstone amatsika mpaka kugwera m'madzi. Chimene ndimasirira kumeneko ndi chakuti mipingo, monga wa Lutheran, inamanga malo ogona alendo pagombe pomwe, osavuta, a mtengo woti mphunzitsi ndi mkazi wake angakwanitse. Mkangano wa malire a nyanja, womwe Malawi imatsamira pa mgwirizano wa 1890, ndi wa maboma; pagombe mumangolandiridwa ndi wali wa mpunga wa Kyela ndi miphika youmba Akisi. Chovuta ndi mtunda. Wochokera ku Lilongwe amataya tsiku lathunthu pamsewu, kukwera Mzuzu, kutsika Chiweta, ndipo kubwerera n'chimodzimodzi.

A ku Lusaka amathamangira ku Siavonga, pa nyanja ya Kariba. Imeneyi ndi nyanja yochita kupanga, inadza ndi damu lotseka Zambezi kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ndipo Atonga pafupifupi 57,000 anasamutsidwa. Ngakhale kapenta wake anachita kukamutenga ku Tanganyika. Luso la a ku Siavonga ndi maboti okhala ndi zipinda zogona ndi khitchini: mumachoka pagombe n'kukagona pakati pa madzi, kutali ndi phokoso. Koma ng'ona ndi mvuu zilimo zambiri, kusamba m'nyanjamo ayi, ndipo boti lotere limatsika mtengo mukakhala gulu, pomwe inu mukuthawa gululo. Si zodabwitsa kuti a ku Chipata, m'malo mwa ulendo wautali wodzera ku Lusaka, amangowoloka pa Mchinji kubwera ku Senga Bay.

Senga Bay ili pafupi, maola awiri okha kuchokera ku Lilongwe, ndipo kuyandikira komweko ndi kumene kumaichotsa mtendere. Loweruka, pa Khirisimasi, makamaka pa 15 October tsiku la anakubala, gombe limadzaza mabasi, ndipo aliyense amabwera ndi chimkuzamawu chake. Apa pamandipweteka. Tili ndi madzi oyera, mchenga wofewa, chilumba cha Namalenje chili poteropo, zilumba za Maleri zomwe zili mbali ya Lake Malawi National Park yomwe bungwe la UNESCO linailemba m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, koma eni malo ambiri amaganiza kuti Mmalawi akafika kunyanja amangofuna nyimbo ndi mowa. Banja lofuna kukambirana za zaka zomwe ladutsamo limasowa pokhala. Ndipo si kuti kusunga bata sitikudziwa: ku Mbenji, m'boma lomweli la Salima, mafumu a kwa Makanjira amatseka usodzi nyengo ya mvula chaka ndi chaka, mowa suloledwa pachilumbapo, ndipo asodzi amamvera. Ngati mudzi ungaike lamulo pamadzi, eni malo ogona angalephere bwanji kupatula mbali imodzi ya gombe yopanda phokoso? Ngati mwasankha Senga Bay, pitani Lolemba mpaka Lachinayi. Masiku amenewo mumangomva mafunde ndi asodzi akukoka khoka.

Ine ndikanakulangizani kupitirira pa msewu wa M5 mpaka ku Nkhotakota. Kumeneko mumapeza pafupifupi zonse zimene anansi amanyadira, popanda pasipoti, popanda kusintha kwacha. Magombe a kumwera kwa boma, cha ku Chia, ndi aatali ndipo anthu ndi ochepa. Mukadzuka m'mamawa, dzuwa limatuluka kuseri kwa mapiri a Mozambique aja, ngalawa zikubwera ndi usipa ndi utaka. Masana ndi chambo kapena kampango pa mpunga wa konkuno. Mukatopa ndi mchenga, tauni ili ndi mbiri: mtengo womwe David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe mu 1863 pokamba za malonda a akapolo ukadalipo, ndipo kumalo oumbira mbiya a Nkhotakota Pottery mungasankhe makapu awiri okakumbukirako ulendo. Tsiku lina mulowe m'nkhalango ya Nkhotakota, yomwe bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira mu 2015 n'kubweretsamo njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017. Mtsinje wa Bua, womwe mpasa zimakwera kukaswana, umadutsa momwemo. Njovu m'mawa, kusamba m'nyanja madzulo: zimenezi ku Matema kapena ku Cobué simuzipeza.

Nyengo nayo muiganizire. Kuyambira May mpaka August kumaomba mwera, mafunde amakula, ndipo ulendo wa paboti umakhala wosautsa kwa amene sanazolowere. September ndi October madzi amadekha ngakhale kutentha kumakula. Pewani kusamba m'mabango ndi m'madzi osayenda chifukwa cha likodzo ndi ng'ona, ndipo eni dera akakuuzani kuti apa ayi, mverani. Nyanja inakwera kwambiri mu 2024 n'kumiza magombe ndi nyumba zina za alendo, choncho musanalipire, imbani foni mufunse ngati mchenga wa pachithunzi chawo ukadalipo, komanso ngati masiku amenewo kulibe ukwati kapena msonkhano pamalopo.