Sitima yankhondo ya Peru ija ikanapanda kugunda mwala, Bolivia bwenzi ili ndi nyanja lero?

Anzanga nkhani ya Bolivia imandikhudza ngati ya kwathu, mwina poti nanenso ndine wa dziko lopanda doko ndipo ndagonapo pamzere wa petulo kudikira mathanki ochoka ku Beira. Koma za iwowa ndi zowawa kwambiri chifukwa nyanja yamchere anali nayo, gombe la makilomita pafupifupi 400, Chile n'kuwalanda pa nkhondo yomwe inayamba 1879.

Zinayamba ndi msonkho. Mu 1878 boma la pulezidenti wa Bolivia, Hilarión Daza, linaika masenti 10 pa makilogalamu pafupifupi 46 aliwonse a mchere wa nitrate womwe kampani ya anthu a ku Chile ndi Angelezi inkakumba ku Antofagasta, doko lomwe panthawiyo linali la Bolivia, mchere wopangira feteleza ndi wonga wa mfuti, chikhalirecho pa mgwirizano wa 1874 analonjeza kuti sakweza msonkho kwa zaka 25. Kampani inakana kulipira, Daza akuti tigulitsa katundu wanu pa okushoni, ndiye tsiku la okushoni lomwelo, 14 February 1879, asilikali a Chile anatsika padoko n'kutenga tauni yonse. Peru inakokedwamo chifukwa cha pangano lachinsinsi la 1873 lotetezana ndi Bolivia.

Pomwe ndimaima n'kuganiza ndi pa 21 May 1879. Peru inali ndi sitima ziwiri zachitsulo zomwe inkadalira, Huáscar ndi Independencia. Tsiku limenelo Huáscar inamiza sitima ya Chile yotchedwa Esmeralda ku Iquique, koma Independencia pothamangitsa kasitima kathabwa ka Chile kotchedwa Covadonga inatsatira mpaka pamadzi osaya ku Punta Gruesa n'kukhala pamwala, kuthera pompo. Miguel Grau, kaputeni wa Huáscar, anatsala yekha ndi sitima yakeyo, anawazunguza a Chile miyezi yoposa inayi mpaka anaphedwa ku Angamos pa 8 October. Kuchoka apo Chile imangotsitsa asilikali pomwe yafuna, chifukwa m'chipululu cha Atacama munthu sungayende ndi gulu lankhondo pamtunda, madzi akumwa omwe amadalira sitima.

Ndiye tiyerekeze kuti kaputeni wa Independencia anabwerera asanafike pamwala. Ine ndikuona kuti Peru ikanapulumuka zambiri. Ndi sitima ziwiri Chile ikanachita mantha kutsitsa anthu ku Pisagua, doko la Peru panthawiyo, nkhondo ikanatalika, ndalama n'kuyamba kutha mbali zonse, mwina akanakhala pansi Lima, likulu la Peru, isanalowedwe mu 1881 ndipo chigawo cha Tarapacá chomwe Chile inalanda bwenzi chikadali cha Peru.

Koma Antofagasta ayi, ndipo apa mpomwe zimandipweteka. Sindikuona kuti Bolivia ikanaibweza ngakhale zitavuta maka. Anthu ambiri okhala m'taunimo anali kale a ku Chile, okumba mchere, ogulitsa m'masitolo, oyendetsa njanji, pomwe eni dziko anali kumapiri kutali, opanda ngakhale sitima imodzi yankhondo. Ku Calama pa 23 March 1879 omwe anaima pamlatho wa Topáter kuteteza Bolivia anali kagulu ka anthu ambiri mwa iwo wamba, mmodzi wa iwo Eduardo Abaroa n'kufera pompo. Munda womwe sulima wekha, wolimayo amayamba kuutenga ngati wake, ndipo Peru ikanapambana ikanayamba yateteza zake. Chomwe chikanagwira gombe lija ndi Daza kubweza msonkho uja nthawi ilipo, n'kugwiritsa ntchito zaka zotsala za mgwirizano kutumizako anthu ake ndi kumanga msewu wotsika kumapiri.

Taganizani kuti mgodi waukulu wa mkuwa wa Chuquicamata uli m'dera lomwelo! Chomwe Bolivia inapeza pa pangano la 1904 ndi njanji ya Arica kupita ku La Paz ndi ufulu wodutsitsa katundu pamadoko a Chile. Anakadandaula kukhoti la ku The Hague, mu 2018 majaji 12 kwa 3 anati Chile siikukakamizidwa kukambirana nawo. Asilikali awo apamadzi alipobe, amaphunzirira pa nyanja ya Titicaca, ndipo pa 23 March chaka chilichonse ana asukulu amaguba kukumbukira nyanja yamchere yomwe ambiri mwa iwo sanaionepo ndi maso.