Mapepala a chilolezo pa nsanja za mafuta si ongotayitsa nthawi

Ndathokoza chifukwa cha nkhani yanu yofotokoza moyo wa anthu ogwira ntchito pa nsanja zokumba mafuta m'nyanja ya North Sea, kum'mawa kwa dziko la Britain, amene amapita pa helikopita n'kukakhala kumeneko milungu iwiri kapena itatu akugwira ntchito maola 12 tsiku lililonse. Komabe sindikugwirizana nanu pamene mwanena kuti mapepala a chilolezo amene amasainidwa ntchito iliyonse isanayambe amangochedwetsa amisiri.

Pa 6 July 1988, nsanja ya Piper Alpha ya m'nyanja yomweyi, ya kampani ya Occidental, inapsa ndipo anthu 167 anafa. Masana a tsikulo amisiri anachotsa valavu yotetezera pa imodzi mwa mapampu awiri kuti aiyese, ndipo pamalopo anangotsekapo ndi chitsulo chimene sichinamangidwe mothina. Usiku pampu inayo itaima, a shifiti yausiku anayatsa yoyamba ija, chifukwa pepala lonena za valavuyo silinali pamodzi ndi la pampu, komanso nkhaniyi sinawafikire posinthana shifiti. Gasi anatuluka n'kuphulika.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti mapampu ozimitsira moto anali atawatchera kuti asadziyatse okha, poopa kuti angakoke anthu olowa pansi pa madzi, ndiponso nsanja za Tartan ndi Claymore zinapitirizabe kupopa mafuta ndi gasi m'mapaipi olumikizana ndi Piper Alpha moto uli lawilawi.

Lipoti la mu 1990 la Lord Cullen, woweruza amene anatsogolera kafukufuku wa ngoziyi, linapereka malangizo 106, ndipo linadzudzula poyera kasungidwe ka mapepala amenewa pa nsanjayo.